Makina Odzuka ndi Chala

Dzina loti Achala sanabadwe nalo, koma linawakhala ngati malaya osoketsa, moti ngakhale mkazi wawo akapsa mtima ankawaitana lomwelo. Anali bambo wamfupi, wamapewa okhota chifukwa cha kuwerama, ndipo magalasi awo mwendo umodzi unali womangidwa ndi waya. Wokonza za eni sakonza zake, zimenezo n'zodziwika.

Ntchito anayiyambira pakhonde la sitolo ina, kukonza mawailesi. Pakhonde pomwepo ndi pamene anadziwana ndi mkazi wawo, akadali mtsikana wogulitsa nsalu pamsika. Mtsikanayo anabweretsa wailesi ya bambo ake, nabweranso, nabweranso kachitatu kudzadandaula kuti ikulira ngati ili ndi chimfine. Wailesiyo inalibe vuto lililonse. Achala, ndi nzeru zawo zonsezo, anaimasula n'kuimanga kangapo asanazindikire kuti chimene chikubwera pakhondepo si wailesi. Mayiyo ankakonda kuisimba nkhaniyi alendo akabwera, n'kumaseka mpaka misozi, ati amuna awo amamva msanga chinenero cha mawaya kusiyana ndi cha anthu. Anabereka mwana mmodzi, wamkazi.

Mawailesi atayamba kutayidwa m'malo mokonzedwa, Achala analowa ntchito pafakitale yaing'ono yopeta mabaji, kuseri kwa malo omatira matayala. Chinali chipinda chimodzi chachitali chamalata, chotentha masana, chonunkha mafuta a makina ndi nsalu zatsopano. Pakati pake panali makina opeta a mitu isanu ndi umodzi, ndipo mozungulira munkakhala amayi okunga nsalu m'mafelemu, odula ulusi wotsalira, ndi ositira. Mabaji a sukulu, a alonda, a makwaya, onse ankachokera pamakina amodziwo. Akaima makinawo, amayi onsewo ankangopinda manja.

Ubongo wa makinawo unali bolodi limodzi lobiriwira, lalikulu ngati chikuto cha buku, lokhala m'kabokosi kachitsulo kumapeto kwake. Kompyuta yonse inali pabolodi lomwelo. Linali lakalekale, kampani yolipanga inatseka anthu asanayambe kuyenda ndi mafoni m'matumba, ndipo lina lofanana nalo silinkapezeka kwina kulikonse. Zojambula za mabaji linkaziwerenga kuchokera pa timadisiki takuda tapulasitiki. Ndiye tsiku lina chowerengera timadisikito chinafa, kufa kosadzukanso.

Apa ndi pamene Achala anachita chinthu chimene anthu akuwakumbukira nacho. Anatenga kabolodi kaziboowo, timatchipi, tizidutswa takuda ta miyendo yambiri tochotsa m'maprinta akufa, ndi nthambo yophwatalala ya mawaya ambiri, nawotcherera ndi mtovu kachipangizo kawokawo konamiza bolodi lakalelo. Bolodilo likafunsa disiki, kabolodi ka Achala kankayankha ngati disiki, pamene zojambulazo kankazitenga pa kakhadi ka m'foni. Kanali konyansa kuona, mawaya ali piringupiringu kumbuyo, komangidwa pakhoma la kabokosiko ndi timisomali. Koma tsiku limene anakalumikiza, singano zonse zinatsika pamodzi n'kuyamba kugogoda, ndipo mwini fakitale anawagwira chanza ndi manja awiri.

M'mawa mwake makinawo anakana kudzuka. Anayatsa, kabokosiko kanalira kamodzi, pagalasi panangooneka kamzere kophethira, basi. Achala anatenga mita yawo yoyezera magetsi, natsamiritsa dzanja pakabolodi kaja kuti ayeze, ndipo asanawerenge n'komwe nambala, makinawo anadzuka. Anazimitsa, nayatsanso ataima patali: zii. Anabwereranso ndi mita: anadzuka. Vutolo linkathawa akangolisuzumira. Patapita masiku anazindikira kuti mita ilibe ntchito, chofunika ndi dzanja. Akangodinikiza chala chachikulu pangodya yakumunsi, kumbuyo kwa kabolodiko, pakati pa kulira kuja ndi kuyaka kwa kanyali kofiira, makinawo ankadzuka n'kugwira ntchito tsiku lonse osatsokomola. Amayi a pafakitale anati akuluakulu aja ananama ponena kuti chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo dzina linabadwa pomwepo.

Kukanakhala kuyatsa kwa m'mawa kokha, bwenzi kulibe nkhani. Koma magetsi a m'dera limenelo ankazima mosalonjera, nthawi ina kawiri katatu dzuwa lisanapendeke, ndipo akabwera ankafunika Achala.

Apongozi awo aakazi atamwalira, Achala anaperekeza mkazi wawo kumaliro. Kufakitale, kapitawo, mayi wojintcha wosadziwa kudikira, anati chala ndi chala basi, nalowetsa dzanja lake m'kabokosi muja ali chivalire mphete. Kunathetheka moto, kunanunkha. Foni inawapeza Achala maliro asanaikidwe. Anayang'ana mkazi wawo ali pakati pa abale ake, maso otupa, namunong'oneza kuti abweranso msanga. Sanabwerenso. Anatha sabata yathunthu akulumikiza ndi kawaya kopyapyala ngati tsitsi njira imene inapsa pabolodi lakale lija. Kuyambira pamenepo mwini fakitale anaika loko pakabokosiko, kiyi napatsa Achala, nalamula kuti dzanja lina lisadzalowemonso.

Kiyi ameneyo anawamanga mwendo zaka zambirimbiri. Mwana wawo atamaliza maphunziro a unamwino mumzinda wakutali, mayi ake anapita okha kukamuona akulandira satifiketi. Atabadwa mdzukulu, Achala anakwera basi Loweruka, namunyamula mwanayo pang'ono, Lamulungu ali kale m'basi yobwerera. Tchuthi chawo ankachidyera pampando wakuseri kwa makina.

“Kodi kanthu kameneko simungakakonze kamodzin'kamodzi?” mkazi wawo ankafunsa.

“Mayi, vuto lake limathawa ndikaliyang'ana.”

“Ngati inuyo ndikakufunsani nkhani.”

“Komanso bolodi lija ndi limodzi lokha. Ndikalakwitsa pang'ono, amayi onse aja adya chiyani?”

“Chabwino, bambo. Ine ndangofunsa.”

Achala sankanama ayi. Vutolo linalidi lobisala, ndipo bolodilo linalidi limodzi. Nthawi zina Loweruka masana ankayesa ichi ndi icho, n'kusiya. Koma tinene zoona, poti mwiniwake sakanazinena: kufunidwa n'kokoma. Magetsi akabwera, chipinda chonse chinkaitana, “Achala! Achala!” ndipo iwo ankanyamuka mosafulumira, kupukuta chalacho pathalauza, kutsegula loko amayi onse akuyang'ana. Munthu wamfupi wa magalasi othyoka, amene pamsewu minibasi zinkamupatsira matope, m'chipinda chimenecho anali munthu. Ndani angafulumire kuchiza matenda otero?

Kenako mkazi wawo anayamba kuonda. Poyamba ankaseka, ati wabwerera ku utsikana ndipo madiresi akale amukwananso. Kenako miyendo inayamba kutupa, chakudya chikumubwerera. Kuchipatala chapafupi anawauza kuti apite kuchipatala chachikulu, mumzinda uja mmene munkagwira ntchito mwana wawo, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Inali nyengo yoti sukulu zatsala pang'ono kutsegulidwa, mabaji ataunjikana mpaka pazenera.

Mayiyo sanali munthu wopempha. Zaka zonsezo ankangoponya mawu oseka n'kusiya. Koma tsiku limenelo, akupinda zovala m'chikwama, ananena osawayang'ana.

“Ulendo uno ndikufuna tipite limodzi.”

Achala anavula magalasi, nawapukuta, nawavalanso.

“Tsogolani, mayi. Ndikakonze kanthu kaja kuti kazidzuka kokha, ndikupezani. Ulendo uno ndikonzadi.”

“Ndikuopa, bambo.”

“Mwana ali komweko. Si namwino kodi?”

“Mwana ndi mwana. Ine ndanena inu.”

Pa depoti anamukwezera chikwama, namupezera mpando wa pazenera, namugulira botolo la madzi. Basi itayamba kuyenda mayiyo anakweza dzanja pang'ono. Achala anaima mpaka basiyo itakhota, kenako anathamangira kufakitale chifukwa magetsi anali atazima m'mawa umenewo.

Tsopano anayamba kulisaka vutolo ndi mtima wonse. Amayi akaweruka, iwo ankatsala dzuwa likadalipo, kabokosi kali chitsegukire. Anayamba ndi nthambo yophwatalala ija, poganiza kuti yatalika kwambiri. Anaidula, naimanganso yaifupi. Makina zii. Anawotchereranso mfundo iliyonse ya mtovu kumbuyo kwa kabolodi, imodziimodzi. Zii. Anasintha katchipi kamene ankakakayikira, naika kena kochokera m'printa ya kwa wojambula zithunzi. Zii. Pangodya imene ankadinikiza panali timiyendo titatu ta katchipi topita ku nthamboyo, ndipo iwo ankadziwa ndi mtima wonse kuti vuto lili pa timeneto. Anatiyesa ndi tizipangizo tamitundumitundu, kamodzikamodzi, tiwiritiwiri, tonse pamodzi. Akayatsa ataima patali, kamzere kaja kankangowaphethira. Akabweretsa chala, singano zinkatsika ngati zikuwaseka.

Mwana wawo ankaimba foni masana, pa nthawi yopuma.

“Adadi, mubwera liti?”

“Ndatsala pang'ono, mwanawe. Amayi ako ali bwanji?”

“Akufunsa ngati mukudya.”

“Uwauze kuti ndikudya.”

Sabata inatha, inanso inatha. Ankati kuona maso a nkhono n'kudekha, osakumbukira kuti Zengerezu adalinda kwawukwawu. Kunyumba mbale zinaunjikana, maluwa a mayi aja a m'zitini pakhonde anauma. Ankagona mbali yawo ya bedi, mbali inayo osaikhudza.

Tsiku lina foni inalira m'mawa, makina ali pakati pa kugogoda. Achala anatulukira panja, pafupi ndi mulu wa matayala akale, kuti amve bwino.

“Adadi, adokotala asiya mankhwala aja.”

“Asintha ena?”

“Ayi. Asiya. Akuti amene akufuna kuwaona abwere.” Mawu a mwanayo anali ouma, a munthu amene walira kale n'kumaliza. “Ine sindikupemphaninso. Ndangokuuzani.”

Atalowanso, kapitawo anawaona nkhope nadziwa. Anali yemwe uja wa mphete, tsitsi litayamba imvi tsopano.

“Achimwene, pitani,” anatero. “Makina ndi chitsulo.”

“Nanga mabaji onsewa? Nanga inu?”

“Tikhala. Sitinayambe lero kukhala ndi njala. Pitani, musadzatide ife.”

Palibe amene anawaletsa, ndipo zimenezo zinawawawa kuposa kuletsedwa. Anayang'ana amayi aja, aliyense ataweramira felemu lake ngati sakumva. Ankawadziwa onse, ankadziwa amene akulera ana a mchemwali wake womwalira, ndi amene mwamuna wake anathawa. Basi ya tsikulo inali itapita kale. Anati, “Ndipatseni masana ano okha. Mawa ndikwera, kaya adzuka kaya sadzuka.”

Anakhala pampando wawo osadziwa poyambira, poti zonse anali atayesa. Pambali pawo panali mulu wa majekete akuda a sukulu, ndi choko chimene amayi ankalembera pakati pa thumba poika baji. Anachitola chokocho n'kumachipotokola m'manja mosaganiza. Kenako anakankha jekete limodzi kuti apeze poika mita, ndipo pansalu yakudayo panatsala chidindo cha chala chawo, choyera mbee. Anachiyang'anitsitsa. Chinali chachikulu, chophwatalala, chopendekera kumanzere, poti chala chimenecho chinathyokapo ali mnyamata ndipo chinapola mokhota. Zaka zonsezi anayeza nthambo, matchipi, magetsi, kutentha kwa m'chipinda. Chala chokhacho ndicho sanachiyeze.

Pa nthawi yopuma anazimitsa makina, nazula pulagi. Anapaka choko chambiri pachalacho, natseka maso kuti dzanja lipite lokha mmene linazolowerera, nadinikiza. Atamasula kabolodiko n'kukatembenuza pawindo, choko chinali pa timiyendo titatu tija, inde, koma chinalinso pa kachinayi, kumanzere, pamzere wina. Kanali kamwendo ka katchipi kakakulu, kamene pa tsiku lomanga anakasiya kosalumikiza kulikonse chifukwa ankaganiza kuti kalibe ntchito. Anafufuza m'mutu mwawo nakumbukira kuti kameneko ndi kamene kamauza katchipiko kuti kayambirenso. Kosiyidwa lendelende choncho, kankatola phokoso lililonse la magetsi injini zikamayaka, ndiye katchipiko kankangoyambiranso, kuyambiranso, osafika poyankha bolodi lakale lija. Chala chawo chinkangokakhazika mtima pansi.

M'chitini cha zotsalira za mawailesi anapezamo kakapasita, kachipangizo komeza phokoso la magetsi, kabulauni, kang'ono ngati njere ya nyemba. Anakawotcherera pakati pa kamwendoko ndi waya wapansi. Utsi wa mtovu unakwera pang'ono n'kutha. Ntchito yonse inali yomweyo.

Anabwezera kabolodi, natseka kabokosi, naika manja kumbuyo.

“Kapitawo, tayatsani.”

Kabokosi kanalira, kanyali kofiira kanayaka, singano zinatsika. Anazimitsa, nayatsanso. Zinatsika. Anakazimitsa magetsi a chipinda chonse pa mita yaikulu ya pakhomo, monga amazimira okha, nawabwezera. Zinatsika. Amayi anawomba m'manja, wina anayamba kuvina ndi lumo m'dzanja. Achala anayang'ana pazenera. Dzuwa linali lisanafike n'komwe pamalata a omata matayala. Anachotsa kiyi pa lamba, nampatsa kapitawo.

“Muvule mphete,” anatero, ndipo onse anaseka kupatula iwo.

Anafika kuchipatala madzulo a tsiku lotsatira, dzuwa likadawala m'mawindo a wodi. Mwana wawo anawalandira pakhomo atavala yunifomu, sanawakumbatire, anangowalandira chikwama n'kutsogola. Bedi linali lakumapeto, pafupi ndi sinki yodontha. Achala anadutsa pang'ono asanazindikire kuti munthu wamng'ono wogona pamenepo ndi mkazi wawo. Mayi uja wa mawu omveka msika wonse anali atatsala maso okha.

Anakhala pampando wachitsulo. Mayiyo anatsegula maso, nawayang'ana nthawi yaitali.

“Mwaonda,” anatero.

“Ndabwera, mayi.”

“Ndakuonani. Makina mwasiyira ndani?”

“Akudzuka okha tsopano.”

“Okha?”

“Okha. Ndakonza.”

“Liti?”

“Dzulo masana.”

Ndiye Achala anayamba kufotokoza. Anasimba za choko, za jekete lakuda, za kamwendo kachinayi, za kakapasita ka m'wailesi, akuonetsa ndi zala kuchepa kwake. Ankalankhula mofulumira ngati mwana wobwera ndi lipoti labwino. Mayiyo anamvetsera maso ali otseka, ndipo Achala atamaliza anaganiza kuti wagona.

“Ndiye zinali zotheka,” anatero mayiyo.

Sananene mokalipa. Ananena mofatsa, ngati munthu amene wauzidwa mtengo wa chinthu chimene sagulanso. Achala akanakonda atawatukwana, atawaitana dzina lija la kufakitale monga ankachitira akapsa mtima. Anatsegula pakamwa kuti anene za bolodi limodzi, za amayi aja, za vuto lothawa, koma mawu onsewo anali atatha ntchito dzulo masana. Mwana wawo anatembenukira kusinki n'kuyamba kutsuka kapu yoyera kale.

Sanachoke pampando umenewo masiku otsalawo. Ankanyowetsa milomo ya mkazi wawo ndi kansalu, kumutembenuza msana ukatopa, kumukonzera pilo. Anaphunzira kumva chimene akufuna asananene, ndipo anadabwa kuti sizinali zovuta. Mayiyo nkhani ya makina sanayitchulenso. Nthawi zina ankawafunsa za maluwa a pakhonde, iwo n'kunama kuti akuthirira.

Foni anaiika pakabati ka pambali pa bedi, ndipo ankaisuzumira kawirikawiri. Mwana wawo ankaganiza kuti akudera nkhawa makina. Zoona zake zinali zochititsa manyazi kuposa pamenepo: mumtima ankapempha kuti ilire. Ankafuna kapitawo aimbe, anene kuti makina akananso, kuti kakapasita kaja sikanathandize. Sakananyamuka ayi, akanakhala pomwepo. Ankangofuna apeze chonena kwa mkazi wawo akadali kumva, chakuti mwaona mayi, sizinali zophweka, zaka zonse zija sindinazitaye chifukwa cha masana amodzi.

Foniyo sinalire. Mayiyo anapuma komaliza m'mawa wina, anamwino akusinthana ntchito, Achala atamugwira dzanja. Pa nthawi yomweyo, kutali kuseri kwa omata matayala, kapitawo anali kuyatsa makina, ndipo makinawo anadzuka bwinobwino.